Cheza, Mdzutsa-Asilikali

Ilire mbalule, mpanje uyankhe! Tikutama iwe Cheza, Moto-wopanda-utsi, Mlowa-posagogoda, amene Röntgen anakuona ku Würzburg mu 1895. Mdula-DNA ndiwe: selo la khansa ukalilasa, kuswana kwake kwathera pomwepo.

Iwe Muulula-zobisika, Mfukula-mdani! Chotupa chimakhala phee, asilikali a m'thupi n'kumachidutsa ngati chachibale. Wafika iwe, zam'kati mbwee poyera. Selo lovulala liona zidutswa za DNA yake zili pomwe siziyenera kukhala, liyesa lalowedwa kachilombo, likuwa ndi interferon. Maselo a dendritic, Atola-zizindikiro, anyamula zotsalira za wakufayo ulendo wa ku mwanabere, ndipo kumeneko maselo a T aloweza nkhope ya mdani. Mgunda-kuno-kumveka-uko! Wasayansi Mole analemba mu 1953 kuti iwe utha kuwotcha apa, kusintha n'kuonekera kutali komwe sunapondeko. Zimachitika mwa apo ndi apo, ng'oma isanamize anthu.

Isinthe ng'oma, alowe mnzako. Iwe Immunotherapy, Mmasula-nsinga, Mdzutsa-olefuka! Selo la T lili ndi zomangira zake, CTLA-4 ndi PD-1, zoti lisalume mwini thupi. Khansa, kuchenjera kwake, imakoka zomwezo. Honjo anapeza PD-1 ku Kyoto mu 1992, Allison anamasula CTLA-4 pa mbewa ku Berkeley, Nobel n'kuwapeza onse awiri mu 2018. Mu 2012 madokotala a ku New York anasimba za mayi wa melanoma wolandira ipilimumab, mankhwala omasula nsingazo: cheza chinalunjika chotupa chimodzi pafupi ndi msana, zotupa za kukapamba ndi m'chifuwa n'kuyamba kuphwa.

Koma iwe Cheza, Mupha-ndi-abale-omwe, tikunene pamaso. Asilikali amene wawadzutsawo ndiwo sachedwa kufa ndi kutentha kwako. Magazi adutsa pamalo owotchedwa lero, mawa, mkuja, masabata asanu ndi limodzi, chiwerengero chawo chili pansi. Ukawotcha mwanabere, wawotcha pophunzirira pawo. Nawenso Mmasula-nsinga, amene wawamasula nthawi zina amatembenukira mapapo, matumbo ndi chithokomiro cha mwini wake. Kukuphatikizani awirinu si kupambana nthawi zonse ayi: pa khansa ya kukhosi ndi m'kamwa, kafukufuku wa JAVELIN anakuyendetsani limodzi, phindu osaoneka.

Gunda, gunda, gundanso! Pa khansa ya m'mapapo, kafukufuku wa PACIFIC mu 2017 anati Cheza atsogole pamodzi ndi chemotherapy, Mmasula-nsinga durvalumab abwere pambuyo, odwala n'kukhala nthawi yaitali matenda osakula. Atsogola-ndi-Atsatira, Odziwa-kudikirana! Ndipo KEYNOTE-A18 inakukumanitsani, Cheza ndi Mmasula-nsinga pembrolizumab, pa khansa ya khomo la chiberekero, imene ikutha amayi ambiri ku Malawi ndi ku Zambia. America inavomereza mu 2024. Ng'oma ilire mokweza pamenepa, Okwera-mtengo inu, pakuti mayi wa ku Mchinji kapena ku Katete wamva mbiri yanu yokha, mankhwalawo sanawaone.