Mafilimu a Mizukwa: Mantha Tiziwasiya Pakhomo

Inu acinyamata a ku Kapata, Mchini ndi Nabvutika, mumawadziwa mafilimu a ku Nigeria a mizukwa ndi ufiti. Akulu anu anali kuwaonera m'tinyumba ta vidiyo, inu mumawaonera pa foni. Zithunzi zake nzosaoneka bwino, mau amamveka ngati ocokera m'mgolo, koma palibe amene amanyamuka filimu isanathe. Kodi cimatigwira n'ciani?

Tengani Living in Bondage, imene Kenneth Nnebue anatulutsa mu 1992. Anaijambula ndi kamera wamba ya vidiyo, m'cinenero ca Igbo, ndi ndalama zocepa. Andy watopa ndi umphawi. Alowa gulu la anthu okhwima, napereka nsembe mkazi wake Merit kuti alemere. Cuma cibweradi, koma mzukwa wa Merit umutsata paliponse, ngakhale pa ukwati wake watsopano, mpaka acita misala nayamba kutola zakudya m'zinyalala za mu Lagos. Mtendere aupeza pokhapokha ataulula chimo lake mu mpingo.

Mphamvu ya filimuyi ili mu umphawi wake womwewo. Opanga analibe ndalama zopangira zilombo, motero anagwiritsa nchito cipinda wamba, mdima ndi nkhope ya mkazi wolakwiridwa. Cipinda cimeneco cifanana ndi canu. Ndiponso nkhani ya munthu wolemera mwadzidzidzi m'bale wake atangomwalira munaimvapo kale pamsika kapena pamaliro. Filimu imangoyatsa, nkhuni mumabwera nazo ndinu. Ngakhale ku America, The Blair Witch Project ya mu 1999 inanjenjemeretsa anthu popanda kuonetsa mfitiyo ngakhale kamodzi.

Koma si mafilimu onse otere amene ali abwino. Muyeso wake ndi uwu: cala cikuloza yani? Mu Living in Bondage cikuloza dyera la Andy, ndipo woonera amadzifunsa za mtima wake. Mu End of the Wicked ya mu 1999, yocokera ku mpingo wa Helen Ukpabio, cikuloza ana: awaonetsa akutengedwa usiku kukadya nyama ya munthu. Ambiri anaidzudzula kuti inawonjezera nkhanza kwa ana onamiziridwa ufiti, ndipo mu 2008 dera la Akwa Ibom linakhazikitsa lamulo loletsa kuchula mwana kuti ndi mfiti. Filimu ingathe ndi pemphero koma n'kukhala yapoizoni.

Kuno kwathu cala cimakonda kugwera agogo osauka okhala okha kumapeto kwa mudzi. Kumbukirani kuti lamulo la Zambia la Witchcraft Act limati kuchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Ngati mungaipeze, onerani pamodzi I Am Not a Witch ya mu 2017, ya Rungano Nyoni wobadwira ku Lusaka. Mulibe mzukwa, koma muli kamtsikana Shula komangiriridwa ku nsalu yaitali cifukwa ca mphekesera cabe. Imeneyo ndiyo imaopsa zenizeni.

Sitikuti lekani kuonera. Koma filimu ikatha, kambiranani m'gulu lanu: analakwa ndani, ndipo anavutika ndani? Mukatero, mantha atsale pakhomo pomwepo. Musapite nawo kumudzi kwa agogo.