Njere ya Mpunga ndi Manda: Kuunika Nthano ya Sidi Nouman

Aluya akale ankakhulupirira kuti m'chipululu mumakhala chiwanda chotchedwa ghul. Chiwandachi chinkadzisandutsa mkazi wokongola kuti chisocheretse apaulendo ndi kuwadya, koma mapazi ake ankakhalabe ziboda za bulu. Sichinali munthu wouka kwa akufa monga amachionetsera opanga kanema, makamaka kuyambira pa Night of the Living Dead ya George Romero ya mu 1968. Chinali cha mtundu wa majini, ndipo kwawo kunali kutali ndi midzi.

Nthano ya Sidi Nouman inachotsa chiwandachi m'chipululu ndi kuchibweretsa pafupi ndi khomo. Nthanoyi ili m'buku la Usiku 1,001 limene Antoine Galland analimasulira m'Chifalansa pakati pa 1704 ndi 1717. Iye anaimva mu 1709 kwa Hanna Diyab, mnyamata wa ku Aleppo.

Nkhani imayamba pamene mfumu Harun al-Rashid ikuona mnyamata akukwapula kavalo mopanda chisoni mu mzinda wa Baghdad. Atafunsidwa chifukwa, mnyamatayo akufotokoza kuti kavaloyo ndi mkazi wake, Amina. Chikwatirane, Amina ankadya mpunga potola njere imodziimodzi. Usiku wina mwamunayo anamutsatira mwakachetechete mpaka kumanda, kumene anamuona akufukula ndi kudya mtembo pamodzi ndi ghul. Atamudzudzula, Amina anamusandutsa galu. Pambuyo pake mtsikana wina wodziwa matsenga anamubwezera umunthu ndi kumupatsa madzi amene anasandutsira Amina kavalo.

Mphamvu ya nthanoyi ili pa njere ya mpunga. Wofotokoza sanathamangire kumanda. Wayamba waika wowerenga pa chakudya, pamalo pamene banja limadziwirana, ndipo kanthu kakang'ono kameneka kakubala chikayiko chimene chikukula tsiku ndi tsiku. Ghul weniweniyo akuoneka kanthawi kochepa chabe. Choopsa chachikulu ndi kuzindikira kuti munthu amene ukugona naye nyumba imodzi sukumudziwa. Wowerenga wa kuno sangavutike kumvetsa mantha otere, pakuti m'midzi yambiri anthu amanena za afiti odya maliro, ndipo woganiziridwayo amakhala mbale kapena mnansi.

Komabe nthanoyi ili ndi chilema. Zonse zikumveka kuchokera pakamwa pa mwamuna, pamene woimbidwa mlandu ndi nyama yosatha kuyankhula. Palibe mboni ina yoona za kumanda, ndipo wofotokoza sakunena chimene chinamufikitsa Amina pa khalidwe lotere. Motero mtengambali ameneyu wasanduka chithunzi chabe cha uipi. Wowerenga wosamala ayenera kudzifunsa: kodi mlandu womvedwa mbali imodzi ungaweruzidwe bwanji?

Chimene chikupulumutsa nthanoyi ndi chigamulo cha mfumu. Harun al-Rashid akuvomereza kuti Amina analakwa, koma akulamula kuti kukwapulako kulekeke, poti kukhala nyama ndi chilango chokwanira. Apa pakuoneka kuti wobwezera naye angathe kutaya umunthu. Nkhanza zimene mfumu inaona ndi maso ake pamsewu sizinali za ghul ayi, koma za mwamuna wogwira chikoti.