Imfa yomwe Ghassan Kanafani sanationetse

Ghassan Kanafani anali mneneri wa gulu lankhondo la ku Palestine la PFLP komanso mkonzi wa nyuzipepala yake, Al-Hadaf. Anabadwira ku Acre mu 1936, banja lake linathawa nkhondo ya 1948, ndipo pa 8 Julayi 1972 bomba lotcheredwa m'galimoto linamupha ku Beirut pamodzi ndi Lamis, mwana wa mchemwali wake. Munthu wotere tikadayembekezera kuti nthano zake zidzaze ndi mfuu ya ndale. Koma buku lake la 1963, Men in the Sun, silikuwa ayi.

Amuna atatu a ku Palestine, mkulu Abu Qais, Assad ndi mnyamata Marwan, akufuna kuzemba kuchoka ku Basra kulowa Kuwait kukasaka ntchito. Dalaivala Abul Khaizuran akuwabisa m'thanki ya madzi yopanda kanthu, dzuwa la Ogasiti likuswa mtengo. Luso lagona pa chipata chomaliza. Kanafani satilowetsa m'thankimo. Amatisiya mu ofesi, momwe alonda akuchedwetsa dalaivala ndi nthabwala za mkazi wovina, pomwe ife tikudziwa kuti nkhondo inamulanda umuna munthuyu. Alonda akuseka, wowerenga akuwerengera mphindi, mtima uli phaphapha. Chivundikiro chikamatsegulidwa, zonse zatha kale. Mitembo dalaivalayo akukaitaya kudzala, atasolola ndalama ndi wotchi.

Ine ndimaona kuti olemba masewero athu muno m'Blantyre ayenera kuimirira pamenepa. Kangati taona pa nsanja munthu akufa kwa mphindi khumi, kwinaku akulalikira phunziro la sewero lonse? Kanafani amakhulupirira wowerenga wake. Mlandu wa atsogoleri omwe analephera anthu awo wausenzetsa dalaivala mmodzi wosweka mtima, osatchula chipani.

Ndipo nkhaniyi si yachilendo kwa aliyense woperekeza mbale ku Wenela pa ulendo wa ku Joni. Mu Malichi 2020, ku Tete anapeza anthu 64 a ku Ethiopia atafera m'kontena ya lole yochokera kuno ku Malawi. Amoyo anali 14.

M'bukumu dalaivala amatsala akuzunzika ndi funso la chifukwa chomwe atatuwo sanagogodere thanki. Tewfik Saleh, popanga filimu ya The Dupes kuchokera m'bukuli mu 1972, anasintha: amunawo amagogoda, koma palibe wakumva. Ine ndili kumbali ya buku, chifukwa amene akuimba akufawo mlandu wokhala chete ndi yemweyo anawatsekera.