Kodi Mau Amenewo Mwawatenga Kuti?

Anzathu acinyamata, pamene mukambirana za ciphunzitso ca cisinthiko, cakuti zamoyo zinasintha pang'onopang'ono kucokera ku zamoyo zina, mumamva wina akuti, "Ngakhale Darwin mwini wake anavomera kuti analakwa." Musanaombe m'manja, funsani kuti anavomera m'buku liti, ndipo pa tsamba lanji.

Taonani nkhani ya diso. M'mutu 6 wa buku lake la On the Origin of Species la mu 1859, Charles Darwin analembadi kuti kuganiza kuti diso linapangika mwa njira imene iye anaphunzitsa kumaoneka kopanda nzeru. Timabuku tambiri timaima pomwepo. Koma mau otsatira afotokoza cifukwa cake iye anakhulupirira kuti zimenezi zinatheka. Muli ndi ufulu wotsutsa maganizo akewo, koma kudula mau a munthu pakati n'kumunamizira.

Ina ndi nkhani yakuti Darwin anasintha maganizo ali pafupi kufa. Iye anamwalira mu 1882. Patapita zaka 33, mu 1915, nyuzipepala ya Watchman-Examiner ya ku Boston inasindikiza mau a mai wina, Lady Hope, onena kuti anamcezera akudwala namumva akudandaula ndi zimene anaphunzitsa. Ana a Darwin, Francis ndi Henrietta, anakana nkhaniyi poyera. Komabe ena amaifotokozabe ngati umboni wosatsutsika.

Ulesi umenewu uli mbali zonse ziwiri. M'zaka za m'ma 1870, Ernst Haeckel wa ku Germany anafalitsa zojambula za ana a nyama zosiyanasiyana asanabadwe, nawafananitsa kuposa mmene aliri. Olemba mabuku a sukulu anakopera zojambulazo kwa zaka zambiri osafufuza. Mu 1997, Michael Richardson ndi anzake anaonetsa ndi zithunzi zenizeni kuti anawo amasiyana ndithu.

Caka cimene buku linalembedwa naconso n'cofunika. Cigaza cimene cinapezeka mu mgodi wa ku Kabwe mu 1921, cimene cisungidwa ku Natural History Museum ku London, capatsidwa zaka zosiyanasiyana m'mabuku. Kafukufuku wa mu 2020 anati cili ndi zaka pafupifupi 299,000. Kaya mubvomereza nambala imeneyi kapena ai, uzani anzanu amene anainena ndi caka cimene anainena.

Tsono musanabwereze mau a munthu wina pagulu, dziwani dzina la wolemba, dzina la buku, caka ndi tsamba. Werengani ndime yonse, kuyambira pamwamba mpaka pansi. Ngati munangomva kwa mnzanu, nenani kuti munangomva. Zimatenga nthawi, inde, koma kuona maso a nkhono n'kudekha.

Lamulo la pa Eksodo 20:16 liletsa umboni wonama, ndipo liteteza ngakhale munthu amene mutsutsana naye. Tsiku limene mnzanu wa m'kalasi adzatsegula buku lija napeza kuti munadula mau, sadzakhulupiriranso zina zonse zimene mudzamuuza, ngakhale zoona.