Kutembenuka kwa Nthondo

Buku la Nthondo ndi limodzi la mabuku oyamba a nkhani yopeka amene mwini cinenero analemba m'Cinyanja. Analilemba ndi Bambo Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa Misyoni ya Nkhoma m'dziko la Nyasaland, limene tsopano tilicha Malawi. Linasindikizidwa m'caka ca 1933, ndipo linapata mphotho pa mpikisano wa bungwe la International Institute of African Languages and Cultures la ku London. M'caka ca 1934 Mbusa T. Cullen Young analitembenuza m'Cingerezi nalicha Man of Africa. Ulemu wonsewu bukuli liuyenera. Koma pali cinthu cimodzi cimene cimandibvuta nthawi zonse ndikafika pa masamba ace otsiriza, ndipo ndifuna kuti ticiunguze pamodzi.

Nkhani yace ndi ya moyo wa munthu mmodzi kuyambira kubadwa kufikira imfa. Nthondo ataya atate ace akali mwana, nakula wosamvera, wakuba ndi wobvuta anthu. Acoka kwao kunka kutali kukafuna nchito monga anacitira anyamata ambiri a masiku aja, abwerako, ndipo patapita nthawi alowa ufumu wa mudzi. Pamapeto pace atembenuka mtima nakhala Mkristu.

Pofotokoza za mudzi, Ntara alibe mnzace. Maliro, milandu ya pa bwalo, njala ya pa ulendo, mantha a ufiti, zonsezi azilemba ngati munthu amene anakhala pa mphasa pomwepo. Sanyoza makolo ace pofuna kukondweretsa Azungu a pa Misyoni, ngakhale iwo ndiwo anali eni makina osindikizira. Kuipa kwa Nthondo nakonso sakubisa. Woŵerenga amakwiya naye mnyamatayo, amamseka, nthawi zina amamumvera cisoni, pakuti aona kuti mwana wamasiye wasowa womuongola.

Tsono tikafika pa kutembenuka, liwiro la nkhani lisintha. Mlembi amene anatiyendetsa pang'onopang'ono m'macimo a Nthondo ayamba kuthamanga. Timva kuti mtima wasandulika, koma nkhondo ya m'kati mwa mtimawo sitiiona bwino monga tinaonera kuba kuja. Ucimo wapatsidwa thupi ndi mwazi, cisomo capatsidwa mau owerengeka. Kwa ine ici ndi cirema cacikuru m'buku limene colinga cace ndi kuonetsa mphamvu ya Uthenga Wabwino.

Tiyerekeze ndi John Bunyan, amene anakhala m'ndende ya ku Bedford kuyambira 1660 kufikira 1672 cifukwa ca kulalikira popanda cilolezo, natulutsa buku lace la The Pilgrim's Progress m'caka ca 1678. M'buku limenelo katundu wa macimo agwa pa msana pa Mkristu ulendo ukali kufupi ndi ciyambi cace. Mabvuto akuru adza pambuyo. Bwenzi lace aphedwa pa msika wa zinthu zacabe. Iye mwini atsekeredwa m'linga la cimphona cotayitsa anthu mtima, kumene ayesedwa kuti adziphe, kufikira akumbuka kuti ali ndi mfungulo ya lonjezo pa cifuwa pace. Bunyan anadziwa kuti munthu wokhulupirira amamvabe njala, amaikabe ana ace m'manda. Kwa iye cikhulupiriro ndi ndodo ya pa njira. Kwa Ntara cioneka ngati mthunzi wa kumapeto kwa njira, pamene wapaulendo atula mtolo nagona.

Kusiyana kumeneku si kwa masewera kwa inu amene mwangotsiriza sukulu. Pa nchito yanga ya ukalaliki ndaona anyamata obatizidwa, oimba bwino m'kwaya, akubwera ndi makalata ao kufunsa malo, nabwezedwa kawiri, katatu. Ndaona amai amasiye akudikira pa khonde tsiku lonse. Anthu otere safunsa ngati woipa angathe kupulumuka atakalamba. Funso lao ndi lakuti, kodi munthu amene anakhulupirira kale aima bwanji pamene nkhokwe yatha ndipo yankho la kalata silibwera? Pa funso limeneli Nthondo athandiza pang'ono.

Komabe ndisamweruze mopitirira. Makolo athu anati kuongola mtengo mpoyamba, ndipo mwambiwu ndi woona pa mitengo. Ntara analimba mtima kutsutsana nao pa za anthu. Anatenga mtengo wokhota kuyambira pa tsinde, umene mudzi wonse unautaya, nanena kuti Mulungu akhoza kuuongola utakhwima kale. Pamenepa ali pamodzi ndi fanizo lija la pa Mateyu 20, la anchito amene analowa m'munda dzuwa litapendeka nalandira malipiro ofanana ndi a anzao olawirira. Kapena ndico cifukwa cace anacedwa dala pa zoipa za Nthondo, kuti tileke kumuyembekeza konse, cisomo citidzidzimutse. Ndiponso Mkristu wace akhalabe Mcewa, mfumu ya anthu ace, osasanduka Mzungu wakuda. Pa masiku amenewo, pamene ena anayesa kuti kutembenuka ndiko kubvala jekete, ici sicinali cacing'ono.

Cimene ndikadakonda ndi masamba makumi awiri ena. Ndikadakonda mlembi atikhazike nthawi pa bwalo la mfumu Nthondo itabatizidwa, mvula itakana, anthu akunong'ona kuti mizimu yakwiya cifukwa ca Cikristu cace. Ndipo pakati pa zimenezo abwere naye mnyamata wamasiye wogwidwa ndi nkhuku ya eni, timve mmene mbala yakale idzaweruzira mlanduwo.