Mlingo Woyesera Nthano Zachikondi

Akatswiri ambiri a zolembedwa amapeputsa nthano zazitali zachikondi ponena kuti mathero ake amadziwika kale: awiriwo akwatirana basi. Chidzudzulo chimenechi n'chosakhutiritsa. Womvera nthano ya Kalulu amadziwiratu kuti Kalulu apulumuka, komabe sachoka pamoto, pakuti chimene akudikira ndi njira yopulumukirayo.

M'buku lake lotchedwa A Natural History of the Romance Novel (2003), Pamela Regis anatchula zinthu 8 zimene nthano yachikondi iyenera kukhala nazo. Mwa zimenezi, ine ndiona kuti chopinga, ndiko kuti chimene chikuletsa awiriwo kukhala pamodzi, ndicho mlingo wabwino woyesera mitundu yosiyanasiyana ya nthanozi. Tifunse: kodi chopingacho chikuchokera m'moyo weniweni wa anthu a m'bukumo, nanga chikuchotsedwa moona mtima?

Pa nthano zonena za makedzana, Georgette Heyer apambana mayeso amenewa. Mu Regency Buck (1935), chuma cha Judith Taverner chili m'manja mwa Earl of Worth, amene lamulo linamuika kukhala womuyang'anira. Mkangano wawo ndi wa ulamuliro ndi ndalama, ndipo chikondi chiyenera kudutsa mmenemo. The Flame and the Flower (1972) ya Kathleen Woodiwiss ilephera. Brandon agwiririra Heather pomuyesa mkazi woyendayenda, ndipo bukulo lifulumira kumukhululukira. Mlembi waika chopinga cholemera zedi, koma wachilambalala osachichotsa. Kugulidwa kwambiri kwa bukulo sikufafaniza cholakwa chimenechi.

Za madokotala ndi anamwino za Mills & Boon sitichedwa nazo. Zambiri chopinga chake ndi kusamvana kumene kukanatha awiriwo akanakhala pansi n'kukambirana.

Mlingowu uyamba kugwedezeka tikafika ku Kano, kumpoto kwa Nigeria, kumene mabuku a Chihausa otchedwa littattafan soyayya anafala kuyambira m'zaka za m'ma 1980. Liwu loti soyayya litanthauza chikondi, koma zimene lasenza n'zambiri: mitala, maukwati okakamiza, kusudzulidwa ndi maphunziro a atsikana. Mu Alhaki Kuykuyo Ne (1990) ya Balaraba Ramat Yakubu, yomwe inamasuliridwa m'Chingerezi mu 2012, Rabi apirikitsidwa ndi mwamuna wake, Alhaji Abdu, amene wakwatira mkazi wina. Mayiyu alera ana pogulitsa chakudya, nadziimira payekha. Chuma cha mwamunayo chitatha, Rabi aumirizidwa kubwerera kubanja. Awiriwo akhaladi pamodzi monga mwambo wa nthanozi ufunira, koma wowerenga sakondwa. Apa ukwati umene Regis auona ngati mphotho ndiwo wasanduka chopinga. Tikatsata zinthu 8 zija, bukuli si nthano yachikondi konse, chikhalirecho kwawo limawerengedwa m'gulu la soyayya. Pamenepa choperewera ndi mlingo wa Regis, umene unasulidwa pa mabuku a ku Britain ndi America okha.

Janice Radway, mu Reading the Romance (1984), anafunsa amayi 42 a ku America, napeza kuti kwa iwo kuwerengako kunali njira yodzipatulira nthawi pakati pa ntchito za pakhomo. Njira yake yofunsa owerenga eniake ndiyo tiyenera kubwereka, osati mayankho ake. Amene anakulira pa mabuku a Pacesetters, omwe Macmillan inayamba kusindikiza mu 1977, akalipo m'mizinda ya chigawo chino, ndipo ophunzira athu angathe kuwafunsa chimene ankafuna m'mabukuwo pamene ankabwerekana kusukulu.