Jekete ili pampando, mkazi asaipitire msanga

Magulu a zisudzo akaima pabwalo ku Maramba kapena ku Libuyu muno mu Livingstone, kawirikawiri sakhala ndi mawu olembedwa. Amagwirizana mutu wa nkhani, zotsalazo amapeka pamaso pa anthu. Mwambowu unakula m'zaka za m'ma 1970 pamene a Chikwakwa Theatre a ku Yunivesite ya Zambia ankayenda ndi masewero m'zigawo. Ndi mwambo wokoma, koma uli ndi msampha.

Tinene kuti mwamuna wa m'sewero wabisa botolo la ma ARV m'thumba la jekete. Mtsikana amene akusewera ngati mkazi wake analipo pokonzekera, akudziwa pamene pali botololo. Mkazi wa m'sewero sakudziwa. Mtsikanayo akangolowa n'kulunjika pa jekete, sewero lafera pomwepo, chifukwa amene wapeza chinsinsi ndi wosewera, osati mkazi.

Osewera Dungeons & Dragons, masewera a patebulo amene Gary Gygax ndi Dave Arneson anatulutsa mu 1974, amakangana za zomwezi. Aliyense amakhala ndi munthu wake m'nkhani, mmodzi amatsogolera, madayisi amagamula. Muli chilombo chotchedwa troll, chimene mabala ake amapola okha pokhapokha chitatenthedwa ndi moto kapena asidi. Wosewera amene anawerenga buku la zilombo amafuulitsa munthu wake, mbusa yemwe sanatulukepo m'mudzi, kuti abweretse muuni.

Ambiri amalangiza kuti wosewera aiwale zimene akudziwa. Ine sindivomereza. Munthu saiwala mwadala, ndipo woyesera umbuli amauma thupi: amamenya chilombo ndi chibonga maulendo angapo pongofuna kuoneka wosadziwa, anzake patebulo akuyasamula. Ana a masanje amaposa pamenepa. Onse amadziwa kuti fisi abwera kudzaba ndiwo, koma mayi amasiyabe mphika n'kupita kumadzi, chifukwa akufuna fisiyo abwere.

Wosewera waluso sataya chimene akudziwa. Amachigwiritsa ntchito kuyandikiza munthu wake kuchinsinsi pang'onopang'ono. Mkazi uja atole zovala zoti achape, jekete ikhale yomaliza. Mapiritsi alire m'thumba, iye aime, mwamuna ailande mwaukali woposa muyeso. Apa oonerera amayamba kukuwa kuti apise m'thumba, ndipo mkazi tsopano ali ndi chifukwa chake chokayikira, chochokera m'nkhani momwemo. Kuti zitheke, mtsikanayo ayenera kudziwa bwino lomwe pamene pali botolo.

Wotsogolera nkhani patebulo ali ndi udindo womwewo. M'malo moletsa mbusa kutola muuni, amupatse njira yodziwira: chilombo chizengereze pafupi ndi moto wa msasa, kapena bala limene lakhudza khala lamoto likane kupola mbusayo akuona.